Nkhope Yobiriwira ya Keziya

Keziya anali ndi mantha. Ankafuna kuuza amayi ake, koma mawu ankakana kutuluka.

Keziya anali mlendo ku Mzimba Boma. Amayi ake, anamwino, anawasamutsira kuno kuchokera ku Dedza. Kusukulu ana onse ankacheza m'Chitumbuka. Keziya sankamva. Anzake akaseka, iye ankati akumuseka. Mtima unkangoti gu! gu! gu!

"Kusukulu kuli bwanji?" amayi ankafunsa.

"Kuli bwino," Keziya ankayankha. Komatu sikunali bwino.

Loweruka m'mawa, Keziya anatola katoni. Anatenga khala. Anasinja masamba a nkhwani. Anasungunula dothi lofiira. Anayamba kudzijambula.

Sanayang'ane pagalasi ayi. Anajambula mmene ankamvera mumtima. Nkhope yobiriwira. Khosi lopindika. Maso aakulu ngati mbale. Kakamwa kakang'ono ngati nyemba.

Keziya anayang'ana chithunzicho. Chithunzicho chinamuyang'ananso. Mayo! Chinali choopsa.

"Amayi andikalipira," anatero. Anachibisa kuseri kwa kabati.

Posesa m'nyumba, amayi anachipeza. Anaitana Keziya.

"Uyu ndani?" amayi anafunsa.

"Ndine, amayi."

"Nanga maso akula chonchi bwanji?"

"Amaopa kusukulu. Sindimva zimene anzanga amanena."

Amayi anamukumbatira. Kenako anachotsa kalendala pakhoma la pabalaza. Anapachikapo chithunzi cha Keziya.

"Amayi, anthu aona!"

"Aone, mwanangu. Ndiwe wajambula."

"Odi! Odi kuno!"

Anali Felesta, mwana wa nyumba yoyandikana. Anabwera kudzabwereka sefa. Keziya anabisala kuseri kwa chitseko. Mtima gu! gu! gu!

Felesta anayang'ana pakhoma. Anayang'ana, anayang'ana. Sanaseke.

"Chiweme chomene!" anatero. "Ndi chokongola! Inenso ndinali chonchi ku Lilongwe, kwa ankolo, ndisanadziwe Chichewa. Mbwenu, basi, sabata yonse pakamwa panga tseke!"

Keziya anasuzumira. "Nawenso unkaopa?"

"Chomene, kwambiri! Iwe, Lolemba tipitire limodzi kusukulu. Akanena kanthu, ndizikuuza."

Keziya anatuluka. Anamwetulira pang'ono.

"Koma undijambule nane," anatero Felesta. "Mphuno yokha usakulitse!"

Amayi anaseka. "Thamangani, kathyoleni nkhwani wina. Khoma ndi lalikulu ili."