Wilibala Yolira Kuseri kwa Nyumba

Choyamba kudabwitsa pa famupo chinali milomo ya mwana. Khanda la miyezi inayi, lomwe limamwa mkaka wa m'chitini chifukwa mabere a mayi ake adauma, lidayamba kuda milomo ndi zikhadabo, kupuma kwake kuli kobanika. Kuchipatala adati vuto ndi madzi osungunulira mkakawo. Mayi a mwanayo adakana kwamtuwagalu. Madzi a pachitsime chawo anali oyera mbee, ndipo iwo ankawawiritsa mpaka mupoto kutsala theka.

Chachiwiri chinali phokoso. Pakati pa usiku, agalu akangoti zii, kuseri kwa nyumba kunkamveka wilibala yopanda girisi, kwii, kwii, kupita pang'onopang'ono, kenako chingwe kukhulika pa chitsulo. Kukacha, loko wa nyumba yosungira feteleza ali chitsekere, koma matumba achepa. Antchito ankanong'onezana kuti ndi mlonda uja adagwera m'chitsime chakale chophimbidwa ndi malata, ati mpaka lero palibe adamuuza kuti adamwalira. Bambo a mwanayo ankangopukusa mutu, namatuluka usiku uliwonse kukasaka akubawo, koma osagwira ngakhale khoswe.

Kenako kudabwera mayi woyeza madzi, amene antchito adamutcha Namabotolo. Masiku atatu adayendera khola, chimbudzi ndi zitsime za m'minda, akuviika timapepala toyezera. Konseko tinkangofiira pang'ono. Ataviika m'chitsime cha pakhomo, kapepala kadafiira psuu, iye mpaka adavula magalasi.

"Mayi, mumadzimu mwadzaza mchere wa feteleza," adatero motsitsa mawu. "Suoneka, sununkha. Ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Madzi amauluka, iwo n'kutsala wambiri."

Mayi a mwana adakhala pansi osafuna. Manja omwewo amene ankasamala, ndiwo ankakoleza moto wowiritsira madziwo. Koma feteleza wochuluka chotero ankalowera pati? Khola ndi chimbudzi zinali kumunsi. Kumtunda kunali chitsime chakale chokha, chimene aliyense ankachilambalala.

Namabotolo adagona pomwepo. Usikuwo kudali mdima wa ndiweyani, mvula itangokata, madontho akugwa kuchoka padenga limodzilimodzi. Ndiye kudamveka: kwii, kwii.

"Mwamva?" adanong'ona mayi a mwana, atagwira chitseko. "Bambo ake atuluka kale."

"Mizimu sifuna wilibala, mayi. Tiyeni."

Adayenda mwakachetechete m'matope, tochi ili yozimitsa. Pachitsime chakale malata anali atasunthidwa, ndipo chinthu chakuda chitawerama chinkatsitsa chingwe m'dzenjemo, chikupuma mwaphuma. Namabotolo adayatsa tochi.

"Bambo a mwana!" adafuula mayi a mwanayo.

Mwamunayo adataya chingwe, maso ali tong'o.

"Tsitsani mawu, mudzutsa anthu," adanong'ona. "Ndikubisa feteleza wathu. Achimwene ali ndi kiyi wachiwiri, amangotapa ngati ndi wawo, ndipo mkulu sungamukanize. Muno ndani angayandikire? Onse amaopa mlonda uja."

"Mwayamba liti?" adafunsa Namabotolo.

"Chilimwe chapitachi. Musadandaule, chitsimechi ndi chouma. Ndidachiona ndekha."

"Mudachiona mvula isanagwe. Chiyambireni mwaunikamo?"

Munthu wobisa sayatsa nyali, ndipo mwamunayo miyezi yonseyi ankangotsitsa mumdima. Namabotolo adalozetsa tochi pansi, onse atatu n'kusuzumira. Thumba la usikuwo linali litatsamira pa mulu wonyowa, ndipo mozungulira munali madzi akuda bii. Pamwamba pake pankayandama matumba ong'ambika, opanda kanthu, akuzungulira pang'onopang'ono.

"Madzi a pansi pa nthaka ndi amodzi, bambo," adatero Namabotolo. "Akachoka muno amatsikira kuchitsime chanu."

Mwamunayo adagwada m'matope, kukamwa kuli yasa. Kuchokera kunyumba kudamveka kulira kwa khanda, kofooka, kodukaduka. Mayi ake sadakuwe, sadatukwane. Adangomuyang'ana mwamuna wawo ngati mlendo.

"Inu ndinu mumawerenga matumba, bambo a mwana," adatero. "Ndiuzeni, mwana wanu wamwa angati?"