Nthaka Yaulere ya kwa Ishitobi

Inu amene mumati zaufiti n'za anthu osapita kusukulu, khalani pansi mundimve mpaka ndimalize, mukatsutse pambuyo. Ine Hisako Kageyama ndinamaliza sekondale pa nthawi imene atsikana ofika pamenepo m'mudzi muno mwa Okuhata tinali awiri okha, ndipo mnzangayo sanandiposepo ngakhale kamodzi. Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu kwa wolemba zikalata za malo kutauni. Malamulo a nthaka ndimawadziwa kuposa amuna ambiri ovala mataye. Ndiye ndikanena kuti izi zinachitika, sindikulota ayi.

Madzulo ena m'nyengo yokolola mpunga, Sadae Moriwaki, mayi wamasiye wa kumtunda kwa mudzi, ankatseka zitseko zamatabwa zotsetsereka zapakhonde monga ankachitira dzuwa likamalowa. Zonse zinayenda bwino mumzere wake kupatula chomaliza. Anachikankha ndi phewa, anachimenya ndi chidendene, chitseko chili gwa. Atawerama kuti aone chimene chatsekereza sanapeze kamwala kapena kachitsotso. Mzati wapangodya ndiwo unali utatsika, ngati munthu amene wapinda bondo. Kuchokera kunsi kwa nyumba kunatuluka fungo la chinyontho losakanikirana ndi mkodzo wa nyama, ndipo m'kati mwa fungolo munali kaphokoso, kere kere kere, timano tambiri tikugwira ntchito mosafulumira.

"Choka!" anatero Sadae, akuponda pansi mwamphamvu.

Phokoso linaleka. Kenaka linayambanso, pansi penipeni pa phazi lakelo.

Nyumbayo inali yake. Anaimanga malemu mwamuna wake, ndipo m'kaundula wa boma inalembedwa m'dzina la Sadae. Koma nthaka imene nyumbayo inakhalapo inali ya mkulu wina dzina lake Genzo Ishitobi, amene makolo ake ankakhala pamenepo kalekale, ndipo Sadae ankalipira lendi chaka ndi chaka osaphonya. Lamulo pamenepa silibisa mawu. Nyumba ili chiimire, mwini nthaka sangakuchotse ngakhale adane nawe chotani. Koma ikangowola n'kugwa yokha, ufulu wako wokhala pamenepo wagwera limodzi. Ndipo m'pangano la Sadae munali mzere umodzi woipa: kusintha mzati kapena denga n'koletsedwa pokhapokha mwini nthaka adinde chidindo chake.

M'mawa mwake anavala bwino, anatenga kaphukusi ka makeke a mpunga, n'kukagwada pakhomo pa a Ishitobi.

"Bambo, mzati umodzi wokha. Ndalama ndilipira ndekha. Inu mungodinda."

"Ndamva, Mayi Moriwaki. Ndiganizira."

"Chaka chatha za denga munatinso muganizira."

"Ndikadaganizirabe," anatero mkuluyo, akumwetulira ndi nkhama zopanda mano. "Imwani tiyi asanazizire."

Sadae anabwerera akukukuta mano njira yonse. Iye ankaona kuti nkhalambayo ikungodikira kuti nyumba igwe, imuthamangitse.

Panali chinthu china chimene mudzi wonse unkadziwa koma osachinena mokweza. A kwa Ishitobi anali ndi nkhandwe. Osati za m'tchire zija. Izi n'tinkhandwe tating'ono ngati likongwe, sitioneka ndi maso, ndipo timatumikira mwini wake popanda kutumidwa: akangokwiyira munthu mumtima, tokha timanyamuka. N'chifukwa chake ana aakazi atatu a Ishitobi, okongola onse, anali atafika zaka makumi atatu popanda wowafunsira. Ndipo palibe amene akanagula malo kwa iwo ngakhale pamtengo wa nsapato, poti tinkhandweto timatsata nthaka. Wobwereka malo sitimuzindikira ngati mbuye, koma wolandira umwini walandiranso ito. Sadae anali wochokera kugombe, anabwera ndi ukwati, ndipo zimenezi ankazimva ngati nkhambakamwa za anthu akumapiri.

Atatopa n'kudikira anaitana mmisiri wa matabwa, Rokuro, kuti asinthe mzatiwo mwakabisira. Rokuro anakwawira kunsi kwa nyumba masanasana ali ndi nyali. Sanachedweko. Anatuluka nkhope itatuwa ngati phulusa, akupukuta manja pabuluku mobwerezabwereza.

"Chiswe eti?" anafunsa Sadae.

"Si chiswe, mayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Chiswe sichisiya mano pamtengo."

"Ndiye makoswe. Inu bambo wamkulu mukuopa makoswe?"

Mawu amenewo anamuchititsa manyazi Rokuro, ndipo anabwereranso kunsi kuja n'kuikamo mzati watsopano wa mkungudza. Patapita masiku atatu, mkazi wake anamupeza atanjuta pangodya, akupempha mpunga wa nyemba zofiira ndi mawu opyapyala ngati a kamwana. Atamupatsa anadya ndi pakamwa, manja ali pansi. Anakaitana wansembe wa kukachisi, amene anamuombera ng'oma ndi kumufukizira utsi akufunsa kuti, "Ndinu a kwa yani? Bwererani kwanu!" Rokuro anadzambatuka n'kuthamanga. Anthu anamutsatira, pakuti ogwidwa motere amathamangira kwa mwini tinkhandweto. Anakagwa chafufumimba pachipata cha Ishitobi, ndipo pomutembenuza anali atapita kale.

Tsiku la maliro Sadae anasuzumira kunsi kwa nyumba. Mzati watsopano uja unali utadyedwa pakati mpaka kutsala ngati dzanja la mwana.

Chisanu chinafika. Chipale chofewa chinaunjikana padenga, nyumba n'kumalira ngati ngolo yolemedwa. Sadae anayala mabeseni pomwe pankadontha, anachirikiza khoma ndi nsungwi, ndipo madzulo aliwonse, kukangoyamba mdima, kere kere kere uja ankayamba, lero kuchipinda, mawa kukhitchini. Mphasa zinachita nkhungu. Mphaka wake anamupeza pakhonde atauma, pakhosi pali timabala tating'ono tozungulira ngati mkanda. Anakwera basi kupita kuofesi ya malo kutauni, kumene anamuuza kuti za nyumba amaziona pawindo lachiwiri, za nthaka pawindo lachisanu. Wa pawindo lachiwiri anati nyumba ndi yanudi. Wa pawindo lachisanu anati nthaka si yanu. Onse awiri anamuuza kuti ngati akufuna kukakamiza mwini nthaka apite kukhoti, mwina zaka ziwiri.

"Zaka ziwiri! Denga lidzakhala litandiphwanya kale!"

"Likagwa mudzabwere mudzatiuze, tidzafufute nyumbayo m'kaundula. Wotsatira!"

Pobwerera anakumana ndi Chiyono, mayi woyandikana naye, amene anali atangofolera nyumba yake ndi matailosi atsopano onyezimira.

"Anzanga, nyumba yanu ija ikuweramira ndani? Ulemu wake ndiye wanyanya."

Sadae anatembenuka. Analowa m'nyumba n'kutaya madzi a m'mabeseni limodzilimodzi, akulira ndi mkwiyo.

Chipale chitayamba kusungunuka, a Ishitobi anabwera okha, atavala zovala za pamwambo, pepala lili m'manja. Anaima panja pa chipata, osaponda m'bwalo.

"Mayi Moriwaki, ndaganizira. Ndakalamba ine. Nthaka iyi tengani."

"Ndalama zogulira ndilibe, bambo."

"Ndani wanena za ndalama? Chidindo changa ndadinda kale apa. Patsala chanu."

Tsiku lomwelo Sadae anafika kwathu ndi pepalalo, pakuti m'mudzi muno munthu akaona pepala lovuta amadziwa khomo loti agogode. Ndinaliwerenga kawiri. Linali loyera, lopanda msampha uliwonse umene lamulo limaudziwa.

"Achemwali, ndikadinda ndingathe kukonza nyumba yanga osapempha munthu?" anafunsa Sadae.

"Mungathe kuimanganso yonse ngati mukufuna."

Anapotokola mpango wake. Kenaka anatsitsa mawu. "Nanga zija amanena anthuzi?"

"M'kaundula wa boma muli mzere wa dzina, mzere wa kukula kwa malo, ndi mzere wa ngongole. Mzere wa nkhandwe mulibe."

Ndinamuyankha zimene anandifunsa, ndipo ndinayankha molondola. Anatulutsa chidindo chake m'kathumba, anachinyika mu inki yofiira, n'kudinda. Zikalata ndinakapereka ndine, ndipo sizinabwezedwe ngakhale pa chilembo chimodzi.

Madzulo a tsiku limene dzina lake linalowa m'kaundula, Sadae anatuluka kukatseka zitseko. Anakankha choyamba, ndipo zonse zinatsetsereka mofewa mpaka kumapeto. Anatchera khutu. Kunsi kunali zii. Fungo lija linali litatha. M'mawa anapeza mzati wapangodya utaima chilili, denga litasiya kudontha, pamene mmisiri sanapondepo. Anaseka yekha m'nyumba koyamba chimwalirire mwamuna wake. Kungoti mpunga m'bokosi sunkatsika ngakhale aphike bwanji, ndipo akakhala pansi kusoka, ankamva tinthu tofunda tikudzikhuza kumapazi kwake. Akayang'ana, palibe. Iye anangoti ndi kutentha kwa mbaula.

Patapita mlungu anapita kumchera wochapira. Amayi amene anali pamenepo anasendera kutali, ena ananyamula zochapa zosatsukuluza. Chiyono yekha ndiye anatsegula pakamwa.

"Taonani mwini malo watsopano! Munalipira chiyani, anzanga, poti mkuluyo mano alibe koma maso alipo?"

Amayi ena anaseka chobisa m'manja. Sadae anapitiriza kuchapa. Mumtima mokha anati, pakamwa pamenepo patatsekeka. Ndipo pomwepo anamva tinthu tofunda tija tikuchoka kumapazi kwake, kamodzikamodzi, udzu wa m'mbali mwa mchera n'kumagwedezeka popanda mphepo.

M'mawa wa tsiku lachiwiri Chiyono anadzuka nsagwada zitagwirana. Madzi sankalowa. Pofika masana zinatseguka, koma mawu amene anatuluka sanali ake. Wansembe anabwera ndi ng'oma yake, mudzi wonse unadzaza pabwalo, ndipo Sadae anaima pakhonde pake patali akumvetsera kulira kwa ng'omayo.

"Ndinu a kwa yani? Bwererani kwanu!"

Chiyono anatumpha n'kuthamanga, tsitsi lili balala, anthu pambuyo. Onse ankadziwa kumene akupita. Koma atafika pachipata cha Ishitobi sanacheuke n'komwe. Chipatacho chinali chokhoma ndi unyolo. Mkuluyo anali atasamuka m'mamawa pa galimoto yaikulu ndi ana ake atatu, kupita ku Osaka. Chiyono anakwera chitunda, anadutsa munda wa nsungwi, anakankha chipata cha Sadae n'kugwa pamapazi pake. Anadzutsa mutu, maso ali mbee, namwetulira.

"Tabwera, amayi," anatero ndi mawu a tiana tambiri tolankhula pamodzi. "Tachita bwino?"

Chiyono sanadzukenso. Anthu anaima kunja kwa mpanda, kenaka anayamba kubwerera chambuyo, osafuna kumupatsa Sadae msana.

Apo m'pamene Sadae anamvetsa. Nkhalamba ija sinkafuna kumuthamangitsa. Inkafuna kuti atope, atope mpaka atambasule yekha dzanja, poti tinkhandweto sitipita kwa munthu wokakamizidwa.

Anathamangira kuofesi kuti abweze nthakayo. Pawindo lachisanu anamuuza kuti kubweza n'kupereka, ndipo kupereka kumafuna chidindo cha wolandira. A Ishitobi sanasiye keyala. Anati aipereke ku kachisi, wansembe anakana ali kuseri kwa chitseko. Anati angoisiya, anamuuza kuti nthaka sitayidwa ngati nsapato yakutha, dzina limakhalabe mpaka wina alitenge. Kusitolo anasiya kumugulitsa. Ndipo choopsa koposa, ankaopa mtima wake womwe. Mwana akaponya mwala padenga, ankatseka maso n'kumawerenga manambala mokweza kuti asakwiye.

Anafika kwathu m'mawa wina atanyamula kathumba kamodzi. Ndinalankhula naye ndili pakhonde, iye ali pamsewu.

"Munadziwa, achemwali."

"Munandifunsa za lamulo."

"Ndinakufunsaninso zinazo."

"Ndipo ndinakuuzani zimene zili m'kaundula. Ndinanama?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sindibisa, ndinayang'ana udzu wa kumapazi kwake. Unagwedezeka pang'ono. Sadae analuma mlomo mpaka magazi, anawerenga mpaka khumi, udzu n'kukhala bata.

"Tengani zonse, nyumba ndi nthaka yomwe. Ndikupita."

"Nyumba yokha," ndinatero. "Mapepala ake ndi osiyana."

Anadinda chidindo pepala lili pamwala wa pamsewu, n'kutsika kukakwera basi. Woyendetsa basiyo amati mayiyo anakhala yekha kumbuyo, koma galimoto inkalemera pachitunda ngati yadzaza. Kumene ali sitikudziwa. Dzina lake likadali pamzere wa mwini nthaka, ndipo pamalopo, ngakhale m'chilimwe chouma, udzu umamera wobiriwira ndipo mbalame sizitera. Ana a Ishitobi tikumva kuti onse atatu anakwatiwa.

Ine ndinaitana amisiri a kutali osadziwa mudzi uno. Anaphwasula nyumbayo mtengo umodziumodzi monga inalumikizidwira, ndipo ndinaimirira ndekha masiku asanu ndi limodzi ndili ndi burashi, kuonetsetsa kuti chilichonse chatsukidwa ndi madzi amchere chisanakwere ngolo. Miyala ya maziko ndinaisiya pomwepo. Nsapato zimene ndinavala ndinazisiyanso pomwepo, n'kubwerera wopanda nsapato pamatabwa oyala pansi kuti ndisaponde dothi. Amene mumandifunsa kuti ndinapindulanji pa nkhani yonseyi, lembani: mizati khumi ndi inayi, mitanda isanu ndi umodzi ya mkungudza, matailosi zikwi ziwiri ndi mazana atatu, bafa lachitsulo limodzi, ndipo dothi ngakhale kambewu kamodzi ayi.