Chikole cha Mawaya

Basi yochokera ku Lusaka inatsitsa anthu atatu pa siteji ya Petauke tsiku limenelo: mphunzitsi, mayi wina wa nkhuku, ndi mnyamata wa nsapato zosongoka amene ankakalipira kondakitala ngati basiyo ndi ya bambo ake.

"Pang'onopang'ono, iwe. M'menemo muli magalasi. Ukaswa, ngakhale ugulitse mudzi wanu wonse sungakwanitse."

Dainess Daka anali pamenepo ndi lichero la mtedza wophika wa azakhali ake. Anayang'ana chibokosi chotsitsidwacho. Chinali chakuda, cha timabatani tinayi kutsogolo, cholemera ngati mwana wa ng'ombe.

"Wailesi imeneyi imagwila Lusaka?" anafunsa.

"Amai, iyi si wailesi. Iyi ndi ampulifaya." Anatchula mawuwo ngati akutchula dzina la bishopu. "Ine ndine Vitalis Miti, wa gitala ya besi. Ku Kitwe mukafunsa mwana aliyense..."

"Kuno si ku Kitwe."

"Ndaona. Ku Kitwe kulibe maso ngati anuwo."

Mawu amenewa ndi otchipa kuposa mtedza umene unali m'lichero. Dainess ankadziwa. Anali atakhoza bwino Sitandade 6, ndipo masisitere a ku mishoni ankamutchula dzina akamadzudzula atsikana ena. Koma nzeru zimabisala kuti mtsikana akayamba kumwetulira?

Chinali chaka cha 1961. Amuna ankakangana za Chitaganya pansi pa mitengo mpaka kusasa mawu. Vitalis analibe nazo ntchito. Iye ndale zake zinali mawaya.

Sabata yotsatira anamuonetsa gitalayo. Linali thabwa lopanda mphako, la nsambo zinayi zonenepa. Pansi pa nsambozo panali kachitsulo kotchedwa pikapu, kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza mu waya. Dainess anakodola nsambo imodzi. Inalira ngati udzudzu umene wagwera mu mtsuko.

"Basi? Phokoso lonse lija la ku Kitwe ndi limeneli?"

"Popanda ampulifaya gitala iyi ndi bubu, siilankhula, duwa langa. Monga ine popanda iwe."

"Ndiye lumikizani, tiimve."

"Pafunika sipika ndi batile. Zili kwa amalume anga ku Nyimba."

Patatha miyezi iwiri, Vitalis anafika kwawo kwa Dainess, kufupi ndi Minga, akukankha njinga, ampulifaya ili pa kaliyala. Anaitula pamaso pa azakhali ake a Keziah n'kunena kuti ndi chikole.

A Keziah analizungulira bokosilo kawiri. Iwo pa nthawi yawo analandira mpango ndi mikanda.

"Chikole chanji chofuna malo ake ogona?"

"Ena amapeleka mpango, amai. Ine ndapeleka moyo wanga."

Moyowo unabwera ndi malamulo. Usakhale pansi, kuli chiswe. Usanyowe. Mvula ikakata, uziwotha dzuwa pang'ono. Dainess anauika pa bedi lake la zingwe, iye n'kumagona pa mphasa. Anausokera chovundikira cha maluwa ofiira. Kukakhala dansi kwina, dalaivala wa lole dzina lake Jethro ankabwera kudzautenga, n'kuubweza Lolemba ukununkha fodya ndi fumbi, pamodzi ndi kakalata.

"Switi wanga, ndangobweleka. Ndikamaimba ndimaona nkhope yako pa nsambo iliyonse. Mvula ikatha ndituma ankhoswe."

Mvula inatha.

"Nthiti yanga, tikakolola."

Anthu anakolola, Vitalis amene analibe munda anakolola nawo malonjezo ena.

Mu Juni, a Sisitere oyang'anira chipatala cha mishoni anamuitana Dainess. Panali malo amodzi a mtsikana wokaphunzira unamwino, zaka zitatu, koma wosakwatiwa. Anali atasankha iye. Yankho linkafunika pofika Lachisanu.

Dainess analemba kalata, ndipo yankho la Vitalis linafika Lachinayi.

"Zaka zitatu? Ufuna undipeze m'manda? Mkazi wa Vitalis sagwila mabala a anthu. Mwezi wamawa uno ukwati wathu, ndalumbila. Loweluka kuli ukwati ku Nyimba masana, umupatse Jethro ampulifaya. Wako mpaka imfa."

Lachisanu Dainess anaima pakhomo pa ofesi, manja kumbuyo.

"Waganiza bwino, mwana wanga?" anafunsa a Sisitere.

"Ndili ndi chikole kunyumba."

A Sisitere anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadula mzere pa dzina lake pa pepala.

Nkhani ngati imeneyi ingaperekedwe kwa dalaivala? Dainess anafuna aione yekha nkhope ya Vitalis pomva zimene wamutayira. Loweruka m'mawa anavala diresi lake la kutchalitchi, anakwera lole ya Jethro, ampulifaya pamiyendo. Jethro anayesa kumuletsa, akuti msewu ndi woipa, akuti fumbi. Atalephera anayendetsa lole mpaka ku Nyimba, akuyang'ana kutsogolo ngati munthu amene akupita kukhoti.

Ukwatiwo unali m'mudzi wina kuseri kwa minda ya nthochi. Pabwalo anali atamanga chisakasa cha oimba. Pansi pake panakhala mtsikana wamfupi, wamasaya, atatsamira chibokosi china chachikulu cha sipika. Nachonso chinali ndi chovundikira chosokedwa pamanja. Pake panali mbalame.

"Mwabweletsa nokha lelo?" anatero mtsikanayo mosangalala. "Ine ndine Sophia. Inu ndinu mlongo wao wa ku Petauke uja?"

"Mlongo wa ndani?"

"Wa a Vitalis. Amene amasunga ampulifaya."

Dainess anatula katundu wake pang'onopang'ono. Anayang'ana mbalamezo. Zinasokedwa bwino kuposa maluwa ake, ndipo zimenezi zinamupweteka mwapadera.

"Ndiye amalume a ku Nyimba aja ndinu," anatero. "Mwakalamba bwino."

"Amalume? Ichi ndi chikole changa. Anatula pamaso pa anthu."

"Anati ndi moyo wao?"



Anakhala pamenepo awiriwo, aliyense pambali pa bokosi lake. Ndi Sophia amene anayamba kuwerenga zala.

"Nanga batile? Ine anandiuza kuti imakhala kwa agogo ao."

Agogowo anafika posakhalitsa. Anali mayi wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, mwana kumsana, beseni pamutu, batire ya galimoto ili m'besenimo. Chitenje chake chinali chobookabooka ndi madzi a mu batire. Anaitula pansi osapempha thandizo.

"Ndine Anastazia, amake Jonas," anatero. Anayang'ana maluwa, anayang'ana mbalame. "Mumasoka bwino nonse."

"Nanunso ndi chikole?" anafunsa Dainess.

"Chinali, zaka ziwili zapitazo. Atate ali ndi chigayo, ndiye injini yake ndi imene imaika moto mu batile. Inu kwanu kuli chiani?"

"Nyumba ya malata," anatero Sophia ndi mawu aang'ono. "Siidontha."

Kwawo kwa Dainess kunali chiyani? Kunali pafupi ndi msewu wa lole, ndipo kunali mtsikana waukhondo, wosunga malamulo, amene masisitere ankamutama. Sukulu yake yonse inamuthandiza kukhala mosungira katundu mwabwino kuposa monse pa msewu wa ku Fort Jameson.

Vitalis anatulukira atakoleka gitala paphewa, tsitsi likunyezimira mafuta. Ataona atatuwo, phazi lake limodzi linafuna kubwerera. Koma anthu anali atadzaza kale pabwalo, ndipo akwati anali atakhala pa mipando yawo.

"Dainess, duwa langa, wabwela? Tikamba zonse dansi ikatha. Sophia, mai, tandipatsa waya uyo."

Sophia anakhala pamwamba pa sipikayo.

Amalume ake a Sophia, a Njobvu, anali atamva zonse ali pa mpando wawo wandalema. Anaimirira osafulumira.

"A Miti, bokosi ili munati ndi chiani tsiku lija kwathu?"

"Chikole, bambo, koma..."

"Ndipo ilo?"

"Nalonso, kungoti..."

"Chikole sichichoka m'manja mwa mwini ankhoswe asanakhale pansi. Pano eni ake ndi atatu, ndiye ankhoswe akhala pansi katatu. Kubweleka kwatha."

"Bambo, anthu akudikila nyimbo."

"Imbani. Gitala muli nayo."

Ndipo Vitalis, poti analibe nzeru ina, anayesadi. Zala zinathamanga pa nsambo, phewa likugwedezeka ngati ku Kitwe. Mbuzi imene inamangidwa kuseri kwa chisakasa inkamveka kuposa iye. Mayi wina anayamba kuseka, kuseka n'kufalikira bwalo lonse. Achinyamata anathamanga kukatenga ng'oma, ndipo ukwati unapitirira osamusowa.

Dainess anapempha a Njobvu kuti amusungire ampulifaya kufikira amalume ake atabwera kudzaibweza mwa mwambo. Anachotsa chovundikira chake, anachipinda, n'kuyamba ulendo wa kumsewu. Vitalis anamupeza pa nthochi.

"Mtima wanga, imilila. Enawo ndi chabe. Sipika ndi bokosi, batile ndi madzi. Iwe ndiwe wapakati, zonse zimadutsa mwa iwe."

"Dzulo ndinakana sukulu ya unamwino."

Dainess anamuyang'ana kumaso, poti ndi chimene anabwerera. Vitalis anamwetulira mofulumira.

"Wachita bwino, switi. Waona? Tsopano uwauze a Njobvu andipatseko ola limodzi chabe."

Dainess anafuna kulira, koma misozi inakana kutulukira munthu wotere. Inadikira mpaka ali pamwamba pa matumba a chimanga m'lole ina, mphepo ikumumenya kumaso, ndipo pamenepo inatuluka mpaka ku Minga.

Lolemba m'mawa anaimanso pakhomo pa ofesi ija.

"Ndabwela kudzabweza mau anga, a Sisitele."

"Ukwati uja?"

"Kulibe."

A Sisitere anavula magalasi.

"Malo ndinapatsa Febby Lachisanu lomwelo. Dzina lake lapita kale. Sindingamulande."

Febby, amene ankakopera masamu kwa Dainess kuyambira Sitandade 3.

"Chaka chamawa?"

"Mwina. Sindilonjeza. Pakali pano chimene chilipo ndi kukolopa mu wodi ya amai ndi kutaya ndowa za odwala. Si ntchito ya mtsikana wa Sitandade 6."

Dainess anayang'ana manja ake. Anapinda mikono ya diresi.

"Ndowazo zili kuti?"