Kayaki Yopezeka Yonyowa M'mawa

Chinthu choyamba chimene chinadabwitsa banja la a Naquin chinali chaching'ono moti Lacey sanachiwerengere n'komwe. Mwamuna wake Blaise anakwera masitepe kuchokera kunsi kwa nyumba, nkhope ili gwa, n'kufunsa kuti ndani wagwira kayaki yake, kabwato kopalasa ka munthu mmodzi. Anati zopondera mapazi, zimene iye amazisiya kutsogolo kwenikweni chifukwa cha kutalika kwa miyendo yake, wazipeza zitakokeredwa pafupi ndi mpando ngati munakhala mwana. Lacey anali ndi khanda lawo Remi kubere, mpunga ukusefukira pamoto, apongozi ake akumuitana kuchipinda. Anangomuyankha kuti ngati m'nyumbamo muli munthu amene ali ndi nthawi yoseweretsa bwato la pulasitiki, amusonyeze kuti amugawireko ntchito.

Kayakiyo Lacey ankadana nayo kale. Nyumba yawo inali pamizati italiitali m'mbali mwa mtsinje, ndipo kunsiko ndi kumene Blaise ankathera nthawi akaweruka ku ntchito yake yausiku yowotcherera zitsulo za zombo. Ankaboola, kumata ndi kumanga mabawuti. Anaikapo zogwirira ndodo za mbedza kumanja ndi kumanzere, kamakina koonera nsomba pansi pa madzi ndi batire lake lolemera, mtengo wa nyali, mbendera, kireti ya mkaka yodzaza timabokosi ta nyambo, ndi chingwe cha nangula choyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kukawedza kwenikweniko ankapita mwa apo ndi apo, Loweruka dzuwa litakwera kale, ndipo kawirikawiri ankabwerako ndi nkhani zokhazokha.

Pamwamba, m'chipinda chakumapeto, munali mayi ake a Blaise, a Verna, amene anayamba kufooka nyengo yotentha ikutha. Manja awo sankakwera kufika kumutu. Kapu ya khofi inkanjenjemera mpaka kutayikira pabulangeti. Ankagona masana onse ngati munthu wamwa mankhwala, ndipo akatembenuzidwa ankabuula chamumtima. Dokotala anawayeza magazi osapeza kanthu, n'kunena kuti ndi ukalamba. Lacey ndiye ankawasambitsa, kuwapesa tsitsi ndi kuwadyetsa msuzi wa gumbo ndi supuni, mwana ali m'dzanja linalo. Blaise anali atalankhula kale ndi nyumba yosungirako okalamba m'tauni ya Houma, bedi linali kudikira, ndipo anati likangodutsa tsiku la Oyera Mtima Onse, akatsuka manda a bambo ake, akawasiya mayi akewo kumeneko. A Verna atamva anangotembenukira kukhoma. Lacey anali atatopadi, koma ankadziwa kuti mayi ameneyu, wobadwira m'mbali mwa madzi omwewa, akangomuika m'chipinda choyang'ana poimika magalimoto sakachedwa.

Patapita masiku, chogwirira ndodo cha kumanja chinasowa. Wakubayo sanathyole kanthu. Anamasula mabawuti bwinobwino n'kuwaika m'kabowo koikamo kapu. Kenako unasowa mtengo wa nyali. Batire linapezeka litakhazikidwa pansi pafupi ndi mzati, zingwe zake zitapindidwa mwaudongo. Ndipo m'mawa uliwonse Blaise akabwera ankapeza mimba ya kayakiyo yonyowa, itamatirira matope akuda onunkha dambo, pamene mvula sinagwe.

Bambo Ulysse Pitre, oyandikana nawo amene amatchera nkhanu, ndi amene anabweretsa mphekesera. Anaima pansi pa masitepe, chipewa m'manja, n'kufunsa Blaise ngati anafufuza za mwini woyamba wa bwatolo asanaligule. Anati linali la Octave Billiot, kamunthu kafupi kokonda kuwedza kokha, ndipo m'mawa wina bwatolo linabwerera lokha madzi akukwera, nkhafi ili pampando, Octave n'kupezeka mawa lake m'bango. Anati anthu a kumunsi kwa msewu akunena kuti akuliona m'bandakucha likudutsa m'chifunga, muli kanthu koyera kowerama. Iwo eni ake sanafune kunena kuti anaona, koma anati galu wawo wayamba kukana kutsikira kudoko kusanache.

Blaise anaseka, koma tsiku lomwelo anagula unyolo ndi loko, namangirira kayakiyo kumzati. M'mawa wotsatira loko anali wokhoma monga anamusiyira, koma madzi ankadontha kuchokera m'mabowo a pansi pa kayaki, mbendera itapita. Apa ndi pamene Blaise anamutembenukira mkazi wake. Anati Octave wakufa sangadziwe kumasula mabawuti, ndipo akudziwa bwino kuti m'nyumbamo muli munthu amene amaliyang'ana bwatolo ngati mkazi mnzake. Lacey anamufunsa ngati akuganiza kuti iye amasiya mwana woyamwa ndi munthu wodwala n'kumakathira matope pa chidole chake. Sanalankhulane mpaka Blaise anapita kuntchito, ndipo sutikesi ya a Verna, imene Blaise anaitsitsa pamwamba pa kabati, inakhala pakhonde lam'kati kudikira kuti Lacey alongedze.

M'bandakucha wotsatira Remi anadzuka kufuna bere. Lacey anakhala naye pampando wa kukhitchini osayatsa nyali. Kunja achule anali atasiya kulira, ndipo zenera linali lotuwa ndi chifunga moti ngakhale nyali ya pakhonde la a Ulysse inkaoneka ngati kadontho ka mafuta. Ndiye anamva unyolo. Sunagwe, unatsetsereka pang'onopang'ono pa simenti, mphete imodzi, kenako ina, ngati woutsitsayo akuugwira ndi manja awiri kuti usalire. Panadutsa kanthawi. Kenako timatayala tokokera kayaki tinayamba kuphwanya zigoba za nkhono zimene anathira pabwalo, tikuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso. Pakati pa kuimako ankamva kupuma, kupuma kolemera kwa munthu amene chifuwa chake chatopa. Lacey anakhala chomwecho, mwana atagona pabere, mpaka anamva madzi akulandira chinthu cholemera kumapeto kwa doko.

Masana amenewo sanauze munthu. Anayesa kulongedza sutikesi, n'kupinda madiresi awiri, n'kuisiya. A Verna anagona tsiku lonse, ndipo supuni itafika pakamwa anadya osatsegula maso.

Tsiku lotsatira mantha anali atasanduka ukali. Lacey anadziuza kuti kaya ndi Octave kaya ndi mbala, iye sangapitirize kunenedwa kuti ndi wansanje chifukwa cha munthu amene sakumudziwa. Unyolo utalira anadikira mpaka zonse zitatha, kenako anakulunga Remi m'bulangeti, n'kutsika. Pamzati panali unyolo wokha. Anayenda mpaka kumapeto kwa doko la matabwa, n'kuima pamenepo udzudzu ukumuluma m'miyendo. Madzi sankaoneka. Chifunga chinali chitaphimba mtsinje wonse, chikununkha mchere ndi udzu wovunda, ndipo bango la tsidya linalo linali ngati khoma lakuda. Anadikira nthawi yaitali, mkono wonyamula mwana n'kuchita dzanzi, kumwamba n'kuyamba kuyera.

Kenako anamva nkhafi. Inkalowa m'madzi kumanja, kudontha, kulowa kumanzere, kudontha, mosafulumira. Atatchera khutu anazindikira kuti kumbuyo kwa nkhafi imeneyo kunali ina, yolira motsika, yotsatira mayendedwe omwewo ngati munthu woponda m'mapazi a mnzake. Anakumbatira mwana mwamphamvu. Mphuno ya kayaki inatuluka m'chifunga, ndipo pampando panali kanthu koyera kowerama, tsitsi lake lotuwa litamasuka. Nkhafi yachiwiri ija inaleka.

"Usakuwe, udzutsa mwana," kanthuko kanatero.

Anali a Verna, atavala diresi lawo logonera, kumapazi kuli majombo oyera a malemu amuna awo. Pakati pa miyendo yawo panali nsomba yofiira yaikulu, ikutsegulabe makha.

"Amayi, ndinu?"

"Ukanakonda akhale Octave?"

Lacey anawakumbutsa kuti iye amawadyetsa ndi supuni, amawanyamula kupita nawo kubafa, msana wake watha. A Verna anayankha kuti manjawo amapwetekadi, sanamunamize, ndipo iye akadzafika zaka zawo n'kupalasa mpaka kuthamanda la kuseri kwa bango ndi kubwerako, adzawauze ngati supuni imakwera. Anati chimwalirireni amuna awo, Blaise anagulitsa bwato lawo lamatabwa n'kuwaletsa ngakhale kuima padoko, kuopa kuti agweramo, ngati iwo sanamubereke akuchokera kokoka maukonde. Kiyi wa loko ankamutenga pamsomali wa kukhitchini pamene Blaise ankamupachika. Zinthu zosowazo zinali pansi pa doko, m'matope, chifukwa zinkawagunda nkhafi ndi kuwakola chingwe.

"Bwato walikongoletsa ngati mtengo wa Khirisimasi, koma nsomba sadziwa kumene zimagona," anatero.

"Nanga amene amakutsatirani uja ndani?" Lacey anafunsa monong'ona.

A Verna anaika nkhafi pamiyendo, osayang'ana kumbuyo. "Ameneyo ndimamumva tsiku lililonse. Sandipitirira, satsalira. Ine sindicheuka, ndipo iwenso usamacheuke."

Kenako anatambasula dzanja kuti Lacey awathandize kutuluka, n'kumupempha kuti asamuuze Blaise. Anati akadziwa, kiyi adzayenda naye m'thumba, ndipo iwo bola akagone ku Houma atapalasako masiku otsalawa kusiyana ndi kukhala pamwambapo zaka akumva madzi osawakhudza. Lacey anawafunsa ngati akumvetsa kuti matenda amene akuwapititsa ku Houma ndi kayaki yomweyi. Anati akumvetsa, si mwana.

Ali mkati molankhula, kumsewu kunamveka galimoto ikuponda zigoba. Lacey anaidziwa ndi kulira kwake. Blaise anali ataweruka msanga, mosakayikira kuti adzagwire mbala yake.

"Ndikoke, mwana wanga, fulumira," a Verna anatero, dzanja lili m'mwamba. "Ndizembera kuseri."

Lacey anayang'ana dzanjalo. Linali lotupa, lili ndi matuza m'munsi mwa chala chachikulu. Akanatha kulikoka, ndipo pofika Lamlungu akanatsiriza kulongedza sutikesi. Anasamutsira mwana kuphewa lina, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Khalani pomwepo, amayi. Ndatopa kukunyamulani."

Blaise anatsika padoko akuthamanga, tochi m'dzanja lina, chitsulo chomasulira matayala m'dzanja lina. Atafika kumapeto anaima. Anaunika nkhope ya mayi ake, anaunika majombo, anaunika nsomba, kenako anaunika timabowo totsala pamene panali chogwirira ndodo, ndipo pamenepo tochi inakhalitsa. Anafunsa mwa mawu osweka kuti zinthu zake zili kuti. A Verna analoza pansi pa mapazi ake.

Lacey sanadikire kuti ayambe kukalipa. Anamuuza kuti ameneyo ndiye Octave wake, ameneyo ndiye mkazi wansanje, ndipo ameneyo ndiye wodwala amene dokotala analephera kumupeza matenda. Anati iye salongedza sutikesi ya munthu amene amakoka bwato yekha mumdima n'kubwera ndi ndiwo. Ngati akufunabe kuwapititsa, akalongedze yekha, ndipo akafika kumeneko akafotokoze yekha chimene mayi ake akudwala.

"Mukanafera kumeneko, amayi," Blaise anatero potsiriza. "Opanda jekete yoyandamitsa, opanda nyali. Nyaliyo mwataya nokha."

"Jekete yakoyo imandifika m'mawondo. Gula ya msinkhu wanga."

"Ndiye kuti mukufuna muzipitabe?"

"Iwe umapita liti?"

Blaise anaika tochi ndi chitsulo pamatabwa, n'kutsikira m'madzi ndi nsapato zake za kuntchito, matope n'kumumeza mpaka m'mawondo. Analowetsa mikono pansi pa mayi ake n'kuwanyamula, iwo akumuuza kuti asamale nsombayo ingadumphe. Anawakhazika padoko, koma sanawasiye msanga. Anaima m'madzimo atagwira majombo oyera aja, mutu uli pansi, chifunga chikuyamba kung'ambika pamwamba pa bango.

"Ku Houma ndiwaimbira foni," anatero.

"Ukawauza chiyani?" Lacey anafunsa.

Blaise anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. "Ndiwauza kuti bedilo apatse wina. Wodwala wathu wapita kukawedza."