Kamphepo ndi Galimoto ya Eni

Kunyumba kwa Aphunzitsi a galimoto tsiku linkayamba ndi pemphero, kenako tiyi, kenako kupukuta magalasi. Bambowa anaphunzitsa anthu kuyendetsa kwa zaka makumi atatu, ndipo kagalimoto kawo kophunzitsira, ngakhale kanali kokalamba, kanalibe ndi chipsera chomwe. Akazi awo ankasoka zovala pakhonde, uku akung'ung'udza nyimbo za kwaya. Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi. Ankamutcha Kamphepo, chifukwa chiyambire kuyenda sankadziwa kupita pamalo mwachifatse.

Kamphepo anaphunzira chiwongolero m'manja mwa bambo ake, ndipo anali katswiri. Poimika galimoto, malo oti amuna ankalowa katatu akubwerera, iye ankangolowa kamodzi.

"Dzanja uli nalo," bambo ake ankatero, "koma phazi lako lili ndi makani. Buleki si mdani wako, mwanawe."

"Ababa, inu mumayenda ngati mwanyamula mazira," ankayankha akuseka.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito yogulitsa magalimoto atsopano pakampani ina ya makoma a galasi. Makolo anathokoza Mulungu. Chimene sanachikonde ndi gulu limene Kamphepo analowa, la okonda magalimoto, lomwe linkakumana Loweruka masana pamalo otsukira magalimoto. Kumeneko nkhani inali injini, matayala ndi kudzitama basi.

Mwezi wina pakampani panafika galimoto yatsopano yoyenda m'misewu yoipa, koma yapamwamba koopsa. Inali yoyera mbee, mipando yachikopa chofewa yomwe inkasisita msana wa munthu, kafiriji pakati, ndi batani loti ukadina, galimoto yonse inkatukuka ngati ngamira ikudzuka. Inangokhala masiku anayi, mayi wina wa malole n'kuigula. Anati adzaitenga Lolemba.

Loweruka limenelo gulu lonse linali pa nkhani imodzi. Mtsogoleri wawo anali Matayala, mkulu wa mimba ndi mawu aakulu, amene ankajambula makanema a magalimoto n'kumaika pa foni kuti anthu aziona.

"Ija si galimoto," anatero Matayala atatsamira chigalimoto chake chamatope. "Uja ndi mkwatibwi. Wavala zoyera, wadzola, akudikira kujambulidwa."

Onse anaseka. Dokotala wa mano, yemwe ankayenda m'chiphapha cha zaka zambiri, anawonjezera: "Vuto lake ndi msika. Amene ali ndi ndalama zoigulira sapita m'matope, ndipo ife opita m'matope sitingaigule. Ndiye apangira ndani?"

"Apangira oimika pakhomo la hotela," anatero Wamasipeya, wogulitsa zipangizo za magalimoto. "Komanso ikafa, sipeya yake mudzaipeza kuti? Mudzadikira miyezi itatu galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira."

Kamphepo nkhope inatentha. "Mukunena chinthu chimene simunachigwirepo. Injini yake imodzi ikhoza kukoka ziphapha zanu zonsezi pamodzi."

"Papepala, chemwali," anatero Matayala. "Papepala ngakhale njinga imauluka. Inu ntchito yanu ndi kumwetulira ndi kutsegulira mabwana zitseko. Munaiyendetsako?"

"Ndinailiza."

"Anailiza!" Matayala anawomba m'manja. "Mwamva? Mwana wa mphunzitsi wa galimoto, analiza injini n'kuzimitsa. Tamverani, mawa m'mawa tili kuphiri koswera miyala. Mkwatibwi wanuyo akafika pamwamba, ine ndigwada pamaso pa kamera, ndipepese. Koma ndikudziwa, akazi pakamwa ndiye ayi."

"Konzani mawondo," anatero Kamphepo, n'kunyamuka.

Madzulo pachakudya anaifotokoza nkhaniyo mwaukali, akuyesa kuti makolo amuikira kumbuyo. Bambo ake anaika supuni pansi.

"Galimotoyo ndi ya yani?"

"Yagulidwa, koma mwini wake sanaitenge."

"Ndiye ndi ya eni. Kutenga chinthu cha eni popanda kupempha dzina lake ndi limodzi, ngakhale utati ubweza."

"Sindikuba, Ababa. Maola awiri okha. Nditsuka, palibe adzadziwe."

"Iwe udzadziwa, ndipo Mulungu adzadziwa. Phiri lija ndimalidziwa, miyala yake ndi yoyenda. Galu wamkota sakandira pachabe."

Amayi ake analowererapo. "Mwana wanga, munthu akakunyoza, sutuluka magazi. Asiye anene. Mawa ukhale nafe kutchalitchi."

"Ndiye ndizingokhala chete akundiseka? Inu munazolowera kuweramira aliyense. Ababa zaka makumi atatu m'kagalimoto kamodzi, akuopa ngakhale giya yachinayi. Ine moyo umenewo sindiufuna."

Bambo ake anamuyang'ana n'kunena kuti: "Kagalimoto kameneko ndi kamene kakufikitsa pamene ulipo. Ndakuuza, usapite."

"Ndamva," anatero Kamphepo, koma mtima unali utapita kale.

M'mawa makolo akuvala za kutchalitchi, iye anati mutu ukumupweteka. Atangotuluka, anavala nsapato zake n'kuthamangira kuntchito. Ankadziwa kabati imene munkakhala makiyi. Pageti anapeza mlonda, mkulu wa imvi amene anagwira ntchito pamenepo chitsegulire kampani.

"Lero Lamulungu, mwana wanga. Kwagwanji?"

"Abwana andituma, agogo. Mwini wake wa galimoto yoyera ija akufuna aione kunyumba."

"Kalata yotulutsira ili kuti?"

"Aa, agogo, mwayamba kundikayikira ine? Kalata ibwera mawa. Kapena ndiwaimbire abwana kuti mukukana?"

Mlonda anakanda m'mutu. Ankawadziwa bambo ake a mtsikanayu, ndipo ankadziwa kuti m'nyumba imeneyo simutuluka bodza. Anatsegula geti, ndipo Kamphepo anatenga makiyi n'kutuluka nayo galimoto.

Kuphiri kunali kutadzaza. Atangoiona galimoto yoyera ikubwera, malikhweru anabuka. Matayala anatsegula pakamwa, kenako anakumbukira kamera yake. M'munsi mwa phirilo munali amayi angapo oswa miyala, amene analibe tsiku lopuma, atakhala pansi pa timisasa ta masaka ndi nyundo zawo.

Kamphepo anadina batani, galimoto inatukuka. Anayamba kukwera. Miyala inkathawa pansi pa matayala, fumbi linakwera, koma injini sinadandaule n'komwe. Pamene chiphapha cha Dokotala chinkalephera nthawi zonse, iye anangodutsa ngati pamsewu wa phula. Atafika pamwamba anatuluka, n'kuimirira pachitseko, manja m'mwamba.

"Matayala! Mawondo aja!"

Anthu anakuwa, ena anavina. Matayala anafika pamwamba ali wefuwefu, koma sanagwade.

"Kukwera ndiye wakwera," anatero, kamera ili kumaso kwa Kamphepo. "Koma kukwera ngakhale mbuzi imakwera. Galimoto imadziwika potsika. Tsikirani mbali iyi, ngati muli mwana wa bambo anu."

Mbali imene ankalozayo inali yotsetsereka kwambiri, ya miyala yosweka yokhayokha. Dokotala anamugwira Kamphepo mkono.

"Iai, chemwali, mwapambana kale. Uko sikutsikidwa. Bwererani njira yomwe mwabwera."

"Ndisiyeni," anatero Kamphepo, akuchotsa dzanjalo. "Lero atseka pakamwa mpaka kalekale."

Analowa, n'kulozetsa galimoto kuphompho. Poyamba inkatsika bwino. Atamva anthu akukuwa, anafuna kuwaonetsa zambiri, ndipo anaponda mafuta. Miyala yonse inanyamuka pamodzi ndi galimoto. Anaponda buleki, koma matayala analibe pogwira. Galimoto inatembenuka chammbali, n'kugubuduzika kawiri, katatu, mpaka inakagwera pa kamsasa ka masaka.

Kamphepo anatuluka kudzera pawindo, magazi akuyenderera pachipumi, koma mafupa onse ali bwino. Kenako anamva kulira. Mayi mmodzi woswa miyala anali pansi, miyendo yake yapanikizika ndi denga la galimoto.

Amene anathamanga kukathandiza anali Dokotala ndi amayi anzake a wovulalayo. Ena onse anali akuliza magalimoto awo, kuthawa. Matayala anaima pafupi ndi Kamphepo kamphindi kochepa chabe.

"Unene kuti mabuleki anakana," ananong'ona. "Galimoto zatsopanozi zimatero. Ndipo ine sunandione."

Kamphepo anagwira bodzalo ndi manja awiri. Kupolisi ananena kuti mabuleki anakana. Kwa abwana ake ananena kuti ankangofuna kuiyesa asanaipereke kwa mwini wake, ndipo mlonda ndiye anamupatsa makiyi. Tsiku lomwelo mkulu wa imvi uja anachotsedwa ntchito, apolisi n'kumutenga.

Atatulutsidwa pa belo, Kamphepo anapeza bambo ake atakhala pakhonde, pafupi ndi makina osokera amene tsiku limenelo sanalire.

"Ababa, anthu amakukhulupirirani pa za magalimoto. Mukangonena kukhoti kuti mabuleki otere amatha kukana, ndapulumuka."

"Anakana?"

"Zimenezo zilibe ntchito."

"Ndakufunsa, anakana?"

"Ndine mwana wanu mmodzi yekha! Mulola ndikalowe kundende chifukwa cha mawu awiri?"

Bambo ake anaimirira. Mawu awo sanakwere, koma sananjenjemere. "Ndidzakuperekeza kukhoti. Ndidzakuyendera kundende mlungu uliwonse, ngakhale wapansi. Koma pakamwa panga sipadzatuluka bodza loti lipondereze mayi amene madokotala amudula mwendo dzulo, ndi mkulu amene ali m'chitokosi chifukwa anakukhulupirira."

"Amudula mwendo?"

"Wakumanzere. Ali ndi ana anayi."

Kamphepo anaumitsabe khosi. "Sindinamutume kukhala pamenepo. Ngati simundithandiza, anzanga andithandiza."

Anaimbira Matayala, foni sinayankhidwe. Anaimbira Wamasipeya, anamuuza kuti walakwitsa nambala. Pasanathe masiku awiri, kanema anali pa foni ya aliyense. Matayala anamuika yekha, atadula mawu ake onse omutokosa, n'kulemba pamwamba kuti: "Ndinanena ine kuti galimotoyi ndi mkwatibwi." M'kanemamo injini inkamveka bwinobwino ikukuwa pamene Kamphepo anaponda mafuta. Okonda magalimoto anakangana mlungu wonse, ena akuti vuto ndi kulemera kwa galimoto, ena akuti matayala ake ndi a m'tauni, ena akuti tsopano palibe adzaigule. Za mayi wodulidwa mwendo palibe analembapo.

Tsiku la mlandu Kamphepo analowa m'khoti mutu uli m'mwamba, atakonzeka kubwereza bodza lake. Kenako apolisi anabweretsa mlonda. Anali ataonda, malaya akulendewera, maunyolo ali m'manja. Podutsa pafupi naye, mkuluyo anaima pang'ono.

"Mwana wanga, chilonda cha pachipumi chapola?"

Kamphepo anaweramitsa mutu. Woweruza atamufunsa ngati akuvomera mlandu, anagwira thabwa la kutsogolo kwake ndi manja onse.

"Ndikuvomera. Makiyi ndinaba ndekha. Agogowa ndinawanamiza. Mabuleki analibe vuto, ndinaponda mafuta kuti anthu andione."

Amayi ake analira mokweza. Bambo ake anangotseka maso.

Mlonda anamasulidwa tsiku lomwelo, koma ntchito yake anali atapatsa kale munthu wina. Kamphepo anagamulidwa zaka zitatu, ndipo laisensi yake inalandidwa. Sukulu ya bambo ake inatha pang'onopang'ono, chifukwa anthu ankati: "Ngati analephera kuphunzitsa wake, wanga angamuthe?" Mayi woswa miyala anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri. Gulu lija likukumanabe Loweruka lililonse, ndipo pano likukangana za galimoto ina.

Wachinyamata iwe, mvetsa. Kamphepo sanali chidakwa, sanali waulesi, ndipo sanabadwire m'nyumba ya akuba. Chimene chinamugwetsa ndi kulephera kupirira kusekedwa. Kunyada kunamubetsa, kuba kunamunamitsa, ndipo bodza linatsala pang'ono kuwonongeratu munthu wosalakwa. Analapa, inde, ndipo kulapako kunapulumutsa moyo wake wauzimu, koma sikunameretse mwendo wa mayi uja. Anthu okuuza kuti "tsika tione" sadzatsika nawe. Chinthu cha eni usachigwire popanda chilolezo, ndipo makolo ako akati ima, ima pomwepo, ngakhale dziko lonse likuseke.