Buleki ya Kumanzere

Tcheni chija chikanapanda kuduka, bwenzi lero Tamiwe akupakabe anthu zikhadabo ndi dzanja lake lamanja. Koma za mawa amadziwa ndani?

Tamiwe ankagwira ntchito yokonza zikhadabo mu saluni ina ya ku Kapata. Mmawa umenewo ankakankha njinga ya mlongo wake Harrison, yemwe anapita ku migodi n'kuisiya kuseri kwa chitseko. Inali njinga ya m'mapiri, matayala ake onenepa ngati a njinga yamoto. Tcheni chili lende, manja ake ali bii ndi girisi!

Pafupi ndi siteji ya maminibasi, pansi pa mtengo wa mango, panali mnyamata wokonza njinga. Dzina lake Mandla. Wakuda bwino, mano ali mbee, mawu ake ngati a pa wailesi.

"Asisi, njinga imeneyo mukuizunza," anatero Mandla. "Si yogulira tomato iyi. Ndi ya ku phiri la Kanjala."

"Ine ndingofuna ndifike kuntchito, achimwene. Mapiri ndi a anyani."

Mandla anaseka mpaka sipanala inagwa. Analumikiza tcheni, kenako anamuuza kuti akwere.

"Chishalo chili pansi kwambiri, mawondo azikuwawani. Ikani chidendene pa pedulo. Mwendo uwongoke. Eya, apo! Muli ndi kyutekisi m'chikwamamo?"

Tamiwe anatulutsa kabotolo kofiira. Mandla analemba mzere pa chitsulo cha chishalo, ndendende pamene chimalowera mu felemu.

"Mzere uwu ndi wanu," anatero motsitsa mawu. "Munthu aliyense amakhala ndi mzere wake malinga ndi msinkhu. Chishalo chikasuntha, mudzadziwa pobwezera."

Anzanga, nambala ya foni inaperekedwa pomwepo!

Madzulo ake meseji inalowa: "Mwafika bwino, a mzere wofiira?" Sabata isanathe, ulemu wa "inu" unali utauluka. Zinali za "iwe duwa langa", "iwe switi", "iwe giya ya mtima wanga". Fainess, mnzake woluka tsitsi mu saluni momwemo, ankangopukusa mutu.

"Mwamuna wokutcha giya? Mawa adzakutcha pampu!"

"Ndi nsanje chabe iwe," ankatero Tamiwe, foni ili pachifuwa.

Loweruka lililonse gulu la okwera njinga linkakumana pa mango paja. Ena ankakangana za matayala, ena za zipewa, ena ankangodzitama kuti anatsika Kanjala osaponda pansi. Wamkulu wa gululo anali a Philemon, mphunzitsi wopuma ntchito, amene sankalola munthu kunyamuka wopanda chipewa ndi botolo la madzi. Ankalowera njira ya ku Chiparamba, kudutsa m'minda ya nshawa, fumbi lili kobo.

Mandla ankapalasa pambali pa Tamiwe, akumuphunzitsa.

"Pamchenga phwetsa tayala pang'ono, ligwire nthaka. Pokwera mtunda sintha giya usanatope. Potsika, sunthira kumbuyo kwa chishalo, zigongono zipindike."

"Nanga mwala uwo?"

"Usauyang'ane! Njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Yang'ana njira, bebi, osati mwala."

Koma phunziro limene ankalibwereza ngati pemphero linali la mabuleki.

"Kumanzere ndi yakumbuyo, kumanja ndi yakutsogolo. Pa timiyala toterera yamba ndi yakumanzere. Yakutsogolo ukaifinya mwamphamvu pamtsetse, udzauluka ngati nkhuku yoponyedwa. Ndipo usanakwere njinga, yesa mabuleki. Nthawi zonse!"

"Ngakhale utakonza iweyo?"

"Ine ndiye ayi," anaseka Mandla. "Dzanja langa silinama."

Tamiwe anagwa kangapo, mawondo ananyuka, koma anazolowera. Zala zake zinaloweza mabuleki mpaka sankaganizanso. Tsiku limene anafika pamwamba pa Kanjala osatsika panjinga, tauni yonse ya Chipata ili yalala kumunsi, Mandla anamugwira manja onse awiri.

"Tami, mpikisano wa atsikana uli mwezi wamawa. Ukangoutsiriza, upambane kapena ayi, ine ndikutumiza amalume anga kwanu. Ndalumbira pamaso pa Mulungu. Palibenso wina, ndiwe wekha mpaka manda."

Tamiwe analira misozi ya chimwemwe. Atafika kunyumba anauza amayi ake. Amayiwo anauza amalume a Tamiwe a ku Chipangali, amalumewo anayamba kunenepetsa mbuzi. Kutchalitchi nkhani inali ponseponse. Kodi mtsikana wake ndi uti amene sakanakhulupirira?

Ndiye kunabwera Millicent.

Millicent anali atangosamuka kuchokera ku Lusaka. Wamtali ngati mtengo wa bulugama, wonunkhira, wolankhula mosapumira. Analowa mu saluni, n'kutambasula zala zake patebulo la Tamiwe.

"Undipake wapepo uyo. Awe, wowala uyo, wa tinyenyezi. Ndigulanso botolo lonse, kuno sindinaone wina ali nawo."

Tamiwe anayamba kupaka. Millicent anaona chipewa cha njinga chili pakhoma.

"Iwenso umakwera? Inetu njinga yanga inachokera kunja, anandigulira adadi. Mabuleki ake ndi osiyana ndi a kuno, yakutsogolo ili kumanzere. Ndinazolowera choncho, njinga za kuno zimandisokoneza. Koma manje yathyoka giya, zitsulo zake mpaka zichokere ku Lusaka. Ukudziwako wokonza wabwino?"

"Pitani pa mango paja pafupi ndi siteji," anatero Tamiwe monyada. "Mukafunse Mandla. Palibe womuposa mu Chipata muno."

Fainess anamuponda phazi pansi pa tebulo. Tamiwe sanamve n'komwe.

Mpikisano utayandikira, Mandla anapempha njinga ija.

"Isiye kwa ine sabata yonseyi, duwa langa. Ndiipukute, ndiithire mafuta, ndiione paliponse. Iwe puma, miyendo isonkhanitse mphamvu."

Tamiwe anayamba kuyenda pansi popita kuntchito. Mameseji nawo anayamba kuonda. Kale ankadzaza foni yonse, tsopano anali "Ndili bize bebi" kapena "Tilankhulana." Iye ankalemba, "Mtima wanga, wadya koma?" Yankho linkabwera dzuwa litapendeka: "Eya."

Lachinayi Fainess analowa mu saluni nkhope ili gwaa.

"Tami, ndamva kwa anyamata a kabaza. Akuti Mandla akumapita ku Chiparamba mmamawa ndi munthu wamtali wovala chipewa. Njinga ya wamtaliyo akuti ngati yako."

"Akuiyesa! Wokonza njinga asayese njinga?"

"Angakwere njinga ziwiri nthawi imodzi?"

"Fainess, ngati ulibe wako, usandiwonongere wanga. Wamva?"

Fainess anangotola chipeso chake.

Tsiku la mpikisano, m'munsi mwa Kanjala munadzaza anthu. Atsikana ena anali kale pamzere, Tamiwe yekha alibe njinga. Ankangomuimbira foni Mandla. A Philemon atanyamula kale wezulo m'pamene Mandla anatulukira, thukuta lili kamukamu.

"Pepa switi, ndinachedwa kumanga zina. Kwera, kwera!"

Tamiwe anayang'ana chishalo. Mzere wofiira unali pamalo pake. Anatambasula zala kuti ayese mabuleki.

"Nthawi yatha iwe! Ndakonza ndekha. Sundikhulupirira?"

Anamukhulupirira. Wezulo inalira.

Njira imayamba ndi mtunda wokhawokha, ndipo pamtunda munthu sagwira buleki. Tamiwe anasintha giya bwinobwino, anadutsa mmodzi, anadutsa wina. Anthu ankakuwa, "Tamiwe! Tamiwe!" M'maso mwake ankaona amalume a Mandla atakhala pa mpando kwawo. Anafika pamwamba ali wachiwiri.

Kenako mtsetse. Timiyala toterera, ndi khona lakuthwa kumunsi kwake.

Anasunthira kumbuyo. Anapinda zigongono. Anayang'ana njira, osati mwala. Anafinya buleki yakumanzere mwamphamvu, monga anaphunzitsidwira.

Tayala lakutsogolo linaima nji!

Amene anaona akuti njinga inaimirira ndi mutu. Tamiwe anauluka pamwamba pa mahandulo, n'kukagwera pathanthwe, dzanja lamanja lili patsogolo. Chipewa chinang'ambika pakati. Phiri lonse linamva kulira kwake.

Anatsitsimuka ali m'chipatala, dzanja lili m'chikhakha mpaka m'chigongono, milomo yotupa. Adokotala anauza amayi ake kuti mafupa a pamfundo anaphwanyika moipa. Zala ziwiri mwina sizidzapindikanso. Wopaka zikhadabo wopanda zala, adzagwira bwanji kaburashi?

Koma Tamiwe ankadziimba mlandu yekha.

"Ndinalakwitsa ndine, amama. Ndamuchititsa manyazi Mandla. Anandiphunzitsa bwinobwino, ine n'kusokoneza."

Meseji ya Mandla inalowa: "Limba mtima duwa langa. Ngozi siona nkhope. Ndibwera mawa." Tamiwe anaipsompsona foniyo ndi milomo yotupayo.

Mawa lake, woyamba kufika anali Fainess. Sanabweretse nthochi kapena maheu. M'chitenje mwake anali atakulunga chinthu chachitali.

"Tami, ndikhululukire, koma sindingathe kukubisira. Dzulo ine ndi a Philemon tinakatenga njinga yako kuphiri. A Philemon atangoigwira anakuwa, 'Ndani watembenuza mabuleki a mwanayu?' Akuti mawaya anasinthanitsidwa. Yakutsogolo ili kumanzere. Sunalakwitse iwe."

Tamiwe anadzutsa mutu papilo.

"Yakutsogolo kumanzere?" Mawu amenewo anali atawamvapo. Kuti? Kwa ndani?

"Sizinathere pomwepo," anapitiriza Fainess. "Njinga inkakana kulowa m'buti ya takisi, ndiye a Philemon anazula chishalo chonse. Taona."

Anafunyulula chitenje. Pa chitsulo cha chishalo panali mzere wofiira uja, wa tsiku loyamba pansi pa mango. Koma m'munsi mwake, mbali imene imabisika mkati mwa felemu chishalo chikatsitsidwa, munali mzere wina. Mzere wa munthu wamtali. Wapepo, wowala, wa tinyenyezi.

Tamiwe anaudziwa mtundu umenewo. Anali ataupaka yekha, chala ndi chala, akuuzira mpweya kuti uume msanga. Botolo lake anagulitsa yekha. Njira ya ku mango anailoza yekha!

Sanalire. Anangogwira chitsulocho ndi dzanja lamanzere, n'kuchiika pansi pa bulangete.

Masana Mandla analowa, atanyamula jumbo ya maapulo, nkhope yachisoni ngati wopita kumaliro.

"Duwa langa! Mtima wanga! Usiku wonse sindinagone. Unatani kodi, bebi? Si ndinakuuza kuti pa timiyala uyambe ndi yakumbuyo?"

"Unandiuza," anayankha Tamiwe mwakachetechete. "Tandikumbutsa, Mandla. Yakumbuyo ili dzanja liti?"

"Kumanzere, switi. Nthawi zonse kuma..."

Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. Jumbo inagwa, maapulo n'kugubuduka mpaka pansi pa bedi la mayi wina. Anali atakumbukira kutsitsa chishalo. Mawaya anaiwala.

Tamiwe anatulutsa chitsulo chija n'kuchiika pamwamba pa bulangete, mzere wapepo ukuyang'ana kumwamba.

"Munthu aliyense amakhala ndi mzere wake. Unatero iwe."

"Tami, tamvera! Ndinangomubwereka chabe, njinga yake inali yofa! Panalibe chilichonse, ndikulumbira!"

"Awe, usalumbire," analowerera Fainess ali pakhomo, manja ali m'chiuno. "Millicent waika chithunzi pafoni, muli awiri pamlatho wa ku Chiparamba, mutu wake uli paphewa lako. Walembapo kuti 'giya ya mtima wanga'. Ngakhale dzina latsopano unalephera kumupezera?"

Amayi a m'mabedi ena anayamba kung'ung'udza. Mandla anagwada pasimenti.

"Duwa langa, ndi Satana. Amalume ndawauza kale, abwera kwanu. Lonjezo lija lilipo!"

Tamiwe anayang'ana zala zake zotuluka m'chikhakha, zotupa, zosagwedera. Kyutekisi wofiira amene anadzipaka pokonzekera chinkhoswe anali atakalika pathanthwe.

"Unati ndikatsiriza mpikisano," anatero. "Sindinautsirize, achimwene. Tolani maapulo anu muzipita."

Mandla anadzuka. Anafika pakhomo, anacheuka, koma Tamiwe anali atatembenukira kale kukhoma. M'pamene misozi inayamba kutsika, mbwembwembwe, mpaka pilo ananyowa.

Fainess anakhala pambali pa bedi, n'kutulutsa thonje ndi kabotolo ka mankhwala ochotsera kyutekisi.

"Ndifufute mzere uti pa chitsulochi, Tami? Wapepowu?"

"Ayi," anatero Tamiwe osatembenuka. "Wapepowo usiye, amalume anga adzauone. Fufuta wofiirawo."