Manda Opanda Mitengo

Mariamu anachoka ku Wonderkop dzuwa litalowa kale. Sanachite kufuna. Ku kiliniki mzere unali wautali, ndipo atalandira mankhwala a mwana anakadikira mwamuna wake Ismaili pa geti la hositelo ya mgodi, osadziwa kuti amusinthira shifiti ya usiku. Tekisi yomaliza inamusiya pa mphambano ya ku Buffelspoort, dalaivala akuloza mumdima ndi kulankhula Chitswana chimene iye sanatolepo kanthu.

Unali mwezi wa June, 1997, kuzizira kwa ku Joni kolowa mpaka m'mafupa. Mariamu anali atangotha miyezi inayi chichokere ku Mangochi, akuthyola malalanje pa pulazi ina kumunsi kwa damu. Kumbuyo anali atabereka Sainabu, wa miyezi isanu ndi iwiri, thupi lotentha ngati mbaula. Mankhwalawo anali a ufa, osungunula ndi madzi owiritsa, choncho kumumwetsa mpaka akafike kunyumba.

Njira yachidule anangoimva kwa anzake. Utsate ngalande ya madzi, ukafika pa mitengo ya bulugamu ulowe momwemo, ukamatuluka waona nyali za pa kompaundi.

Pa mitengopo anaima. Mitengo yothithikana, ili payokha pakati pa minda, popanda wodulamo ngakhale nkhuni imodzi. Kwawo malo otere dzina lake ndi limodzi basi. Manda! Iye, mkazi wachisilamu, chibadwire anali asanapondepo ku manda. Lero alowemo usiku, ndi mwana wodwala kumbuyo? Anzake aja mwina anazolowera za kuno, iye ayi. Analambalala kumanzere, kumene kunali poyera, udzu wokhawokha.

Atayenda pang'ono anapunthwa pa mulu wa miyala. Kutsogolo, wina. Pambali, winanso.

"Alimi a kuno nawo," anang'ung'udza, "kuunjika miyala pakati pa munda!"

Ngalande ija sinamvekenso. Mitengo ija, imene anaisiya kudzanja lamanja, tsopano inali kumanzere. Kapena kumbuyo? Anazungulira. Miyala yomweyo.

Ndipo pamenepo anazindikira kuti Sainabu wasiya kubuula.

Anamugwedeza. Zii. Anapisa dzanja m'chitenje, nagwira kaphazi. Kozizira. Kodi ndi mphepo chabe, kapena...? Ayi, amuone kumaso. Pafupi panali mulu wina wosalala pamwamba, woti n'kugonekapo mwana. Anayamba kumasula mfundo ya chitenje.

"Mwanayo musamutsitse pano, mayi."

Chichewa! Mariamu anatsala pang'ono kugwa. Pambali pake panali pataima mdala wamtali, wovala jasi lofika m'mawondo, fosholo ili paphewa.

"Ababa... ndinu a kwathu?"

"Wa ku Nyasalande. Mangani mwanayo. Mangitsani. Tiyeni."

Anamanga. Nanga akanatani? Mdalayo anatsogola, iye pambuyo.

"Apa ndi pa sitolo ya Mmwenye," anatero mdalayo, akuloza ndi chibwano. "Loweruka timagulapo shuga ndi palafini."

Mariamu anayang'ana. Panali simenti yong'aluka, udzu utamera m'ming'alu.

"Awo ndi mabalani a fodya. Moto wake suzima mwezi wathunthu."

Makoma awiri opanda denga, mtengo waminga utamera m'kati. Fodya? Pa pulazi ino iye ankadziwapo malalanje okha. Kodi wasokera mpaka kufika pa pulazi ya eni ake? Kapena mdalayu waledzera? Koma sankanunkha mowa. Sankanunkha kanthu n'komwe, ngakhale utsi kapena thukuta.

"Iyo ndi sukulu ya ana athu. Tinaumba njerwa tokha, abasi, mzungu wa pulazi, anangopereka malata. Mukumva belu?"

"Sindikumva, ababa."

"Mumva."

Mariamu anayamba kuyenda mozengereza. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Anasuzumira pakamwa pa mdalayo akulankhula. Palibe. Udzu wouma unkalira pansi pa mapazi ake. Pansi pa majombo a mdalayo... zii.

Athawe? Athawire kuti? Kumbuyo miyala. Kumsana mwana wosapuma bwino, ngati akupuma n'komwe.

"Sitima ya Wenela ikunyamulabe anthu obwerera kwathu?" anafunsa mdalayo osacheuka.

"Ife tinabwera pa basi, ababa."

"Basi," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. Anayenda pang'ono. "Wanga ndinamutsitsa. Ndinati apume pang'ono chabe."

"Ndani, ababa?"

"Ndikumudikirabe."

Mariamu anangomutsatirabe. Anafuna kupemphera, mawu onse anathawa. Linatsala limodzi. Bisimila. Bisimila. Bisimila...

Madzi! Ngalande inamvekanso, pafupi penipeni. Panali thabwa loyalidwa pamwamba pake, ndipo kutsidya, kuseri kwa malalanje, kanyali kamodzi.

"Ngalande iyi tinakumba ndi manja, ife ndi Ashangani," anatero mdalayo. "Wolokani. Hamba, mayi, pitani. Ine ndikatsegule madzi abasi asanadzuke."

Mariamu anaponda thabwa. Phazi limodzi. Lachiwiri. Atangoponda dothi la kutsidya, Sainabu anakuwa! Kulira kwenikweni, kong'amba khutu, timiyendo tikumenya nthiti za mayi ake.

"Ababa, walira! Walira, onani..."

Kutsidya kunalibe munthu. Udzu wokha.

Anathamanga. Chitseko choyamba pa kompaundi chinali cha a Goodwell, tchona la ku Ntcheu loyendetsa thirakitala, amene anakalambira pa pulazi yomweyo. Anachimenya ndi manja onse awiri. Akazi awo, a Elsie, sanafunse zambiri. Anateleka madzi pa pulaimasi, kusungunula mankhwala, kuziziritsa, n'kumumwetsa mwana ndi kasupuni. Sainabu analavula theka, nameza theka, kenako anagwira bere ndi mphamvu.

A Goodwell anamuyang'ana Mariamu kuyambira kumapazi.

"Chisoso thupi lonse ngati mbuzi yothawa pa chingwe. Mwadzera kuti kodi, mayi a Sainabu?"

"Ndinalambalala manda aja, ababa."

"Manda ati?"

"A bulugamu aja."

A Goodwell anaseka mpaka kutsokomola. "Elsie, tamva za Amangochi! Mitengo ija anadzala mzungu kutchinga mphepo ya malalanje. Kuno ndi ku Joni, mwanawe, manda sakhala m'mitengo ngati kwathu. Amangokhala poyera, miyala..." Kuseka kuja kunaduka. "Mwalambalala mbali iti?"

"Kumanzere."

A Elsie anaika supuni pansi.

"Mwadutsa pa miyala?"

"Ndinasokeramo. Ndinafuna kumugoneka mwana pa mulu wina kuti ndimuone, koma mdala wa madzi uja anandiletsa. Ndi amene wandiperekeza. Koma ababa, ndikufunseni, sitolo ya Mmwenye ili pati? Iwo amaloza, ine osaona kanthu."

"Sitoloyo inapsa ine ndili mnyamata," anatero a Goodwell. Mawu awo anali atatsika. "Sukulu anagumula. Fodya tinasiya kalekale. Madzinso masiku ano amatsegula ndi mpope, palibe mdala wa madzi pa pulazi ino. Anavala chiyani?"

"Jasi lalitali. Fosholo paphewa. Akuti ndi a ku Nyasalande."

A Goodwell anadzuka, nakhoma chitseko ndi loko, ngakhale kuti chinali chotseka kale. Anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

"Ameneyo ndi Meshack," anatero. "Dzenje lake ndinakumba nawo ndine, pambali pa kamwana kake. Chinali chaka cha 1974."